Alonda a Dothi ndi Manda Opanda Maina

Mvula ikakhazikika, dziko la Makwasa limabiriwira mpaka kumene maso alekeza. Tiyi amakwera zitunda, kutsikira m'zigwa, n'kukweranso tsidya, yense wodulidwa mofanana, wolekeza m'chiuno. Mlendo wodutsa pamsewu wochoka ku Thyolo Boma kupita ku Thekerani amaona tiyi ndi mizere ya bulugamu basi. Ife obadwira kuno maso athu amakagwa pena, pa timagulu ta mitengo yachilengedwe totsalira apa ndi apo m'malire a esiteti ndi midzi. M'dera limene nkhuni n'zosowa chotere, mukaona mkuyu kapena m'bawa wakula mpaka kukalamba osalawa nkhwangwa, dziwani kuti pansi pake pagona anthu. Palibe mpanda, palibe mlonda wa chibonga, koma mayi wofuna nkhuni amalambalala, ndipo mwana woweta mbuzi amatsitsa mawu akamadutsa.

Malo amenewa akhala akundizungulira m'mutu chiyambire pamene mwana wa mlongo wanga, amene anapita kukaphunzira ku China, anabwera kudzationa foni itadzaza zithunzi. Anandionetsa misewu, masitima ndi nyumba zazitali, koma izo sizinandigwire mtima kwenikweni. Kenaka anafika pa chithunzi cha chidzenje chachikulu chofoleredwa ndi denga, m'kati mwake muli amuna mazanamazana ataima m'mizere, onse atayang'ana mbali imodzi.

"Amalume, onsewa ndi dothi," anatero. "Akulondera manda a mfumu."

Ndinamupempha kuti akuze chithunzicho. Wina anali ndi ndevu zapamlomo zosamalidwa bwino, tsitsi lomangidwa mfundo pamwamba pa mutu chakumanja. Wina masaya odzaza, wina wowonda, wooneka ngati watopa ndi ulendo. Zala zawo zinali zopindika, zitagwira mphepo, pakuti mipini ya mikondo inali yamtengo ndipo inaola kalekale. Panalinso woponya mivi wogwada bondo limodzi, amene woumba wake anafika mpaka polemba timizere ta kupansi kwa nsapato, malo amene sankayembekeza kuti munthu aliyense adzawaona.

Mfumu yake ndi Qin Shi Huang. Inalowa ufumu wa dziko la Qin ili ndi zaka 13, ndipo pofika chaka cha 221 Khristu asanabadwe inali itagonjetsa maufumu ena asanu ndi limodzi n'kuwamanga kukhala dziko limodzi. Inalamula kuti malembedwe, ndalama, miyeso ndi masikelo zikhale zofanana paliponse, ngakhale kutalikirana kwa mawilo a ngolo. Koma munthu wamphamvu chotereyu ankaopa imfa koopsa. Anapulumuka kangapo m'manja mwa ofuna kumupha. Anatuma anthu panyanja kukafuna mankhwala oletsa kufa. Nthawi yonseyi manda ake anali akukumbidwa m'tsinde mwa phiri la Li, pafupi ndi mzinda umene lero ndi Xi'an, ndipo ntchitoyo, imene inayamba iye atangokhala pampando, inatenga zaka zoposa 35.

Anamwalira m'chaka cha 210 ali paulendo, kutali ndi likulu lake. Nduna zake, Li Si ndi Zhao Gao, zinabisa imfayo kuti ziyambe zakonza za wolowa m'malo. Inali nyengo yotentha, choncho zinalamula kuti ngolo za nsomba zamchere ziziyenda limodzi ndi ngolo ya mfumu, kuti anthu asazindikire fungo.

Za m'kati mwa manda enieniwo timazimva kwa wolemba mbiri Sima Qian, amene analemba patatha zaka pafupifupi 100. Iye anati anthu 700,000 anagwira ntchito pamenepo. Kuti pansi anakonzapo mitsinje ndi nyanja za chitsulo chamadzimadzi chija chotchedwa mercury. Kuti kudenga anajambulako nyenyezi. Ndiponso kuti anatchera misampha ya mauta yolasa aliyense wofuna kulowa. Mtumbira wake ndi phiri lomangidwa ndi manja, ndipo ulipo mpaka lero, wosafukulidwa. Akatswiri atayeza dothi lake anapezadi mercury wochuluka kuposa wa m'dothi la malo ozungulira. Chodabwitsa n'chakuti Sima Qian sanatchule asilikali a dothi ngakhale pang'ono. Dziko linawaiwala kwa zaka zoposa 2,000, mpaka mu March 1974, pamene alimi a m'mudzi wa Xiyang, chilala chitawapana, ankakumba chitsime n'kuyamba kutulutsa zidutswa za matupi a dothi ndi mitu ya mivi yamkuwa. Malowo ali pamtunda wa kilomita imodzi ndi theka kum'mawa kwa mtumbira. Akatswiri amayerekeza kuti m'maenje atatu muli asilikali pafupifupi 8,000, ngolo zankhondo 130 ndi akavalo oposa 600, ndipo ambiri akadali m'dothi. Bungwe la UNESCO linaika malowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 1987.

Zonsezi n'zogometsa, ndipo sindibisa kuti ndinagoma. Koma mtima wanga sunakhale nthawi yaitali kwa mfumuyo. Unathamangira kwa oumba.

Msilikali aliyense ndi wamtali ngati munthu wamkulu, ena kuposerapo. Miyendo ankaiumba yolimba kuti inyamule thupi. Chifuwa ndi mimba ankazikweza ndi nkhata za dothi, imodzi pamwamba pa inzake, n'kumasalaza ndi manja, monga momwe agogo anga aakazi ankakwezera mbiya atakhala pansi pa mtengo wa mango, dzanja lina m'kati, lina kunja. Mitu ankaiumba payokha m'zikombole, kenaka mmisiri n'kuwonjezera makutu, ndevu ndi makwinya, mpaka nkhope iliyonse kukhala ndi mwini wake. Akawotcha ankapaka utomoni wa mtengo wina, pamwamba pake utoto wofiira, wobiriwira, wabuluu. Utoto umenewu ndi umene umapweteka mtima ofukula, chifukwa ukangokumana ndi mpweya wouma umafota n'kuyoyoka m'mphindi zochepa, iwo akuona.

Pamalo obisika a matupi amenewa, pena kunkhwapa, pena kunsi kwa chovala, pali maina. Ena anadindidwa dothi likadali lofewa, ena anazokotedwa ndi kachitsulo. Akatswiri awerenga maina oposa 80 a amisiri otsogolera magulu. Lamulo la Qin linkafuna kuti wopanga chinthu alembepo dzina lake, ndipo cholinga sichinali ulemu ayi, chinali chakuti ntchito ikapezeka yolakwika adziwe womulanga. Komabe lero maina amenewo ndi amene atsala, ndipo anthu akuwatchula.

Palinso malo ena amene alendo ambiri safikako. Kumadzulo kwa mtumbira, pafupi ndi mudzi wa Zhaobeihu, anapeza manda a antchito. Maenje ake ndi aang'ono, ena ogonamo anthu angapo opanikizana, ambiri amuna achinyamata. Mulibe mkuwa, mulibe akavalo. Koma pa ena mwa iwo wina anaikapo chidutswa cha phale lofolerera nyumba, atakandapo dzina la wakufayo ndi dera limene anachokera. Angapo analembedwa kuti ankagwira ntchito pobweza ngongole kapena chindapusa chimene analephera kulipira boma. Sindileka kuganiza za munthu amene anatola phalelo. Mwina anali mnzake wochokera kumudzi umodzi, wodziwako kulemba pang'ono, amene sanafune kuti mnzakeyo alowe m'dothi la eni ngati chinthu wamba. Analibe chomupatsa, koma anamulembera dzina ndi kwawo.

Ena amati asilikali a dothi anali chifundo, popeza kale mafumu a Qin ankaikidwa ndi anthu enieni. Pali choona m'menemo. Mfumu Mu ya Qin itamwalira m'chaka cha 621 Khristu asanabadwe, anthu 177 anaitsatira kumanda, ndipo mwambowo unadzaletsedwa m'chaka cha 384. Koma Sima Qian yemweyo akuti pa maliro a Qin Shi Huang akazi ake amene sanabereke anaphedwa kuti apite naye, ndipo amisiri odziwa zinsinsi za mandawo anatsekeredwa m'kati ali moyo. Dothi linalowa m'malo mwa asilikali, amene mfumu yatsopano inkawafunabe. Mkazi wopanda mwana ndi mmisiri womaliza ntchito analibe wowalowera m'malo.

Nanga alonda a dothiwo analondera? Chaka chimodzi chokha mfumu itamwalira, amuna 900 olembedwa mokakamiza kukalondera malire anachedwetsedwa ndi mvula panjira, ndipo poopa chilango anaukira boma motsogozedwa ndi Chen Sheng ndi Wu Guang. Moto unafalikira dziko lonse. Boma linasowa asilikali mpaka linamasula akaidi ogwira ntchito pamanda paja n'kuwapatsa zida. Dzenje lachinayi linatsala lopanda kanthu. Pasanathe zaka zisanu ufumu umene mwini wake ankati udzakhala mibadwo zikwizikwi unali utagwa. M'maenje muja muli zizindikiro za moto, madenga anagwa, zida zambiri zinatengedwa, ndipo akatswiri ambiri amaloza chala ankhondo a Xiang Yu, mmodzi wa atsogoleri a oukirawo. Pafupifupi msilikali aliyense amene mukumuona ataima lero anapezeka ali zidutswazidutswa, ndipo ndi manja a anthu amoyo amene amulumikiza, kachidutswa ndi kachidutswa, kwa miyezi.

Chimene chikusunga mtumbira wa Qin Shi Huang lero ndi chiganizo cha anthu amoyo chakuti asaukhudze. Anaphunzira mowawa. Pakati pa 1956 ndi 1958 anafukula manda a Dingling a mfumu Wanli ya m'nthawi ya Ming, pafupi ndi Beijing. Nsalu za silika zimene zinakhala zaka mazana atatu pansi zinaonongeka zitatuluka kunja, ndipo mu 1966 achinyamata a Red Guards anatulutsa mafupa a mfumuyo ndi akazi ake awiri n'kuwatentha. Kuyambira nthawi imeneyo boma la China silifulumira kulola kuti manda a mafumu atsegulidwe. Apa ndinamva kuti anthu akutaliwa tikugwirizana nawo, pakuti kwathu kuno munthu salowa kumanda ndi khasu popanda mawu a mfumu.

Tsopano ndibwerere kwathu, chifukwa nkhani ya ngongole yolembedwa paphale ija si yachilendo kwa munthu wa ku Thyolo. Tiyi amene timanyadirayu anadzalidwa ndi manja a anthu ambiri amene sanabadwire pano. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Alhomwe ankaoloka malire kuchokera ku Mozambique, kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi. Atafika kuno anapeza malo ambiri abwino ali kale m'manja mwa azungu. Wofuna pomanga nyumba ndi polima ankalipira ndi thupi lake. Ndiyo thangata imeneyo: mwezi wa lendi, mwezi wa msonkho. Koma mwezi wake sunali wa kumwamba, unali wa pa tikiti, ndipo tsiku limene munthu sanamalize mugwazo kapitawo sankalilemba, kotero kuti mwezi umodzi unkatha kudya iwiri, m'nyengo yomwe munda wake ukufuna khasu. John Chilembwe anaukira mu 1915 nkhani imeneyi ili pakati pa madandaulo ake. Zipolowe za mu 1953 zinayambira konkuno ku Thyolo. Thangata inadzathetsedwa mu 1962.

Agogo anga aamuna anali mmodzi wa anthu amenewa. Anaoloka Ruo ali mnyamata, nagwira ntchito pa esiteti ina ya kuno moyo wawo wonse: kuzula zitsa, kukumba mayenje, kudulira tiyi, kenaka ulonda mphamvu zitachepa. Dzina limene kalaliki analemba pa tikiti yawo silinali limene anabadwa nalo. Ine sindinawaone.

Chaka china m'chilimwe mfumu inalamula kuti mudzi wonse ukalambule kumanda. Tinalowa m'mawa ndi zikwanje ndi makasu, ndipo azakhali anga, amene tsopano amayenda ndi ndodo, anatsogola. Masamba ouma anali kufika m'kakolo. Iwo ankaima, kukanda pansi ndi ndodo mpaka dothi lofiira la mtumbira lioneke, n'kunena mwini wake. "Apa pagona agogo ako aakazi. Apa amalume awo a bambo ako. Kamtumbira aka ndi ka mwana uja anapita ndi chikuku." Pa mitumbira ina panali mbale yachitsulo yobooledwa pansi, pena kapu yadzimbiri, pena phale la mphika. Nazonso n'zimene ife timapatsa otisiya, katundu wa paulendo wolingana ndi thumba lathu. Azakhali sanaphonye ndi mmodzi yemwe, ngakhale pamene ine ndinkangoona masamba.

"Azakhali, nanga agogo aamuna ali pati?"

Anakhala chete pang'ono. "Mwanangu, abambo sanagone kuno. Anali akamwini, ndipo kwawo kunali kutali, kopanda wotiperekeza. Anagona kumanda a kumalayini, pamodzi ndi anzawo a pantchito."

Tinapitako tsiku lina. Nkhalango yake ilipo, yaing'ono, tiyi ataizinga mbali zonse. Palibe amene anaidula, ndipo pa chimenecho ndiyamika. Koma mitumbira inaphwa kalekale, chifukwa anthu amene akanabwera kudzaiunda chaka ndi chaka anabalalika ntchito itatha, ena kubwerera ku Mozambique, ena ku Limbe, ena ku Salisbury ndi ku Joni. Azakhali anazungulira kawiri, naima pafupi ndi mtengo wina waukulu. "Ndi chapompano," anatero, "koma mtengowu nthawi imene ija unali waung'ono." Sanathe kupitirira pamenepo. Ndinaona kuti zawapweteka, ngati kuti iwo ndiwo alakwa, chonsecho anali kamtsikana pamene maliro aja ankaikidwa.

M'nkhalango imeneyo mwagona anthu angati? Palibe kope limene ndinalipeza lonena. Anthu amene anazula mitengo ya m'zitunda zonsezi n'kudzala chuma chimene chakhala chikubweretsera dziko lino ndalama zakunja kwa zaka zoposa 100 agona opanda ngakhale phale lokandidwa dzina. Pamenepa mnyamata wa ngongole wa ku Zhaobeihu anawaposa mwayi.

Kufupi ndi kwathu, pa mishoni ya Malamulo, imene a Seventh-day Adventist anaitenga mu 1902, mbiri imasunga bwino dzina la Joseph Watson, mmishonale amene anamwalira ndi malungo mu 1903 asanathe chaka chifikireni, n'kuikidwa pomwepo. N'koyenera kuti akumbukiridwe, pakuti anafera kutali ndi kwawo. Chimene chikundivuta n'chakuti agogo anga nawonso anafera kutali ndi kwawo, m'dera lomweli. Kusiyana kwake n'kwakuti wina anali ndi anthu olemba.

Si kuti Amalawi sitidziwa kumanga manda aakulu. M'boma lathu lomwe lino, ku Ndata, kuli nyumba yoyera ya Mpumulo wa Bata, kumene kunagona mayi Ethel Mutharika, amene anatisiya mu 2007, ndipo pa 23 April 2012 mtsogoleri wakale Bingu wa Mutharika anaikidwa pambali pawo. Nafenso tinaona m'chaka chimenecho kuti imfa ya mtsogoleri imatha kusungidwa m'manja chifukwa cha mpando: anamwalira pa 5 April, koma dziko linauzidwa mwalamulo pa 7. Ku Lilongwe kuli chiliza cha Kamuzu Banda, amene anamwalira mu November 1997, chimene chinatsegulidwa mu May 2006, chili ndi nsanamira zoimira ngodya zake zinayi zija. Sindikuona cholakwa kuti mtundu ulemekeze atsogoleri ake, ndipo manda amenewa sanamangidwe ndi magazi a anthu monga a phiri la Li. Koma ndikafika ku Ndata maso anga amakokedwa kwambiri ndi sukulu ya ukachenjede ya MUST, imene inamangidwa pamalo omwewo ndi ngongole yochokera ku China n'kulandira ophunzira oyamba mu 2014. M'mawa uliwonse pamakhala phokoso la achinyamata othamangira m'makalasi. Ndikukhulupirira kuti dzina la mwini malo lidzakhalitsa chifukwa cha phokoso limenelo kuposa chifukwa cha miyala yoyera.

Ngakhale ku China komweko analipo mafumu amene anaona zimenezi. Mfumu Wen ya ufumu wa Han, imene inamwalira m'chaka cha 157 Khristu asanabadwe, inalamula kuti manda ake asakhale ndi golide, siliva kapena mkuwa koma ziwiya zadothi, kuti asaundidwe phiri, ndiponso kuti anthu wamba alire masiku atatu okha n'kubwerera ku ntchito zawo. Inali itabadwa ufumu wa Qin utangogwa kumene, ndipo inkadziwa mtengo umene anthu analipira.

Tikatsika phiri kudzera ku Thekerani mpaka kuchigwa cha Shire, ku Nsanje kuli Khulubvi, kachisi wa Mbona. Ndi kanyumba ka mitengo ndi udzu m'kati mwa nkhalango. Kakaonongeka, anthu amasonkhana n'kumanganso, ndipo zakhala choncho kwa mibadwo yambiri. Chilembwe yemwe uja, ataphedwa pa 3 February 1915 cha ku Mulanje, boma la atsamunda linamuika mobisa, popanda chizindikiro, kuti anthu asamapiteko. Lero nkhope yake ili pa ndalama zathu ndipo pa 15 January dziko lonse limapuma pomukumbukira.

Zitsanzo ziwirizi zikhoza kutinyenga kuti tizidzitonthoza, n'kumati munthu amasungidwa m'mitima, chiliza n'chachabe. Ine chitonthozo chimenecho ndikuchikana. Mbona ali ndi mafumu ndi omutumikira osunga mwambo wake. Chilembwe ali ndi mpingo wa PIM ku Mbombwe, ali ndi mabuku, ali ndi tsiku lake pakalendala. Mayi amene anathyola tiyi zaka 30, dengu kumsana, mame akumunyowetsa mpaka m'chiuno m'bandakucha uliwonse, ali ndi ndani? Ali ndi mwana wake mmodzi wokalamba amene akudziwa mtengo wake. Tsiku limene wokalambayo adzatsikire kuli chete, mayi uja adzakhala ngati sanapondepo pa dziko lino. Mitima imasungadi, koma mitima nayo imaikidwa m'manda.

Masiku ano ziliza zachuluka, ndipo wina anganene kuti vutoli likutha lokha. Ndi zoona kuti amene ali ndi mwana kutauni kapena ku Joni amamangiridwa chiliza cha matailosi, mpingo n'kubwera kudzachivundukula, anthu n'kudya mpunga ndi nyama. Ndaonapo mabanja akulowa m'ngongole chifukwa cha mwambo umenewu, ndipo ndaonaponso chiliza chimodzi chikudya malo a anthu atatu m'manda amene adzukulu akusowa kale pokumba, pakuti ku Thyolo malo ndi ochepa kwa amoyo ndi akufa omwe. Wothyola tiyi amene malipiro ake amathera pa ufa ndi fizi sangapikisane nawo pamenepo, ndipo sayenera kutero. Chimene m'bale wake akufunika si matailosi. Ndi dzina lake lenileni, mudzi umene anachokera, chaka chimene anatisiya ndi malo amene anagona, zolembedwa poti mvula singafufute ndiponso m'kope limene wina adzalipeze.

Zimenezi sizifuna ndalama za boma kapena thandizo lakunja. Nyakwawa iliyonse ikhoza kusunga kope la manda a m'mudzi mwake, lokhala ndi chithunzi chojambula pamanja chosonyeza mizere ndi mitengo ikuluikulu, n'kumalembamo tsiku lomwelo la maliro adzukulu asanasambe m'manja. Mipingo, imene ili kale ndi chizolowezi cholemba za ubatizo ndi maukwati, ikhoza kusunga kope lachiwiri. Eni esiteti amene akadali ndi mabuku akale a malipiro ndi a kuchipatala angachite chinthu chachikulu atalola kuti maina a m'menemo akopedwe, n'kuimika mwala umodzi pakhomo pa manda alionse a kumalayini, wolembedwa onse amene angapezeke. Ophunzira a ku Ndata ndi a m'masekondale athu ali ndi mafoni ojambula mawu. Patchuthi chimodzi akhoza kuzungulira midzi ingapo, kukhala pansi ndi okalamba, n'kukasiya zimene apeza kumalo osungira zolemba zakale za dziko ku Zomba.

Ife kwathu tinayambapo. Tinakhala pakhonde ndi azakhali, mwana wa mlongo wanga uja akulemba, iwo akutchula. Anatipatsa dzina limene agogo anabadwa nalo, dzina la mayi awo, ndi la phiri limene ankalitchula akamakamba za kwawo. Anakumbukiranso anzawo anayi a kumalayini amene anagona m'nkhalango yomwe ija, ndipo tikufunafuna zidzukulu zawo kuti tidzapemphe limodzi chilolezo choikapo mwala.

Inu amene mukuwerenga, ngati kwanu kukadali gogo wodziwa mitumbira, musadikire maliro ena kuti mukalowe naye kumanda. Kapempheni mawu kwa mfumu chilimwe chomwe chino, mutenge kope ndi cholembera, mumugwire dzanja, ndipo aliyense amene amutchule mumulembe, ndi kwawo komwe.